Mpando Wakumbuyo kwa Sikuta ya a Vuai

Pakamwa ndipo panayamba kuchira. Dzanja lamanja ndi mwendo wake zinangoti lobodo ngati za munthu wina, koma lilime linadzuka msanga, ndipo woyamba kulilawa anali amuna anga, a Vuai.

"Supuniyo mukundilowetsa m'mphuno, bambo a Zuwena! Pakamwa simukupaona?"

"Alhamdulillah," anatero akupukuta phala pachibwano panga. "Wayamba kulalata. Ndiye kuti uchira."

Adokotala anali atanena mosabisa kuti sitiroko ngati yangayi imafuna mafizo pafupipafupi, apo ayi dzanja lidzauma chopindika. Kunena n'kosavuta. Kanjira kathu ka ku Kiponda galimoto silowa. Anthu awiri onenepa akakumana, wina amayamba wakwera pakhonde la eni ake. Ulendo woyamba anyamata a kumsika anandinyamula pampando mpaka kumsewu, amayi ali m'mawindo kundionerera. Wachiwiri anabwera mochedwa. Wachitatu anangoti ali ndi makasitomala. Mwana wathu Zuwena anakwatiwa ku Muscat, chake n'kulira pafoni basi.

Kenako kunatulukira mlongo wanga Faki, wa ku chilumba cha Pemba. Anakhala pamkeka, tiyi osamukhudza.

"Alamu, tisazungulire. Kwathu galimoto imafika pakhomo penipeni. Kuli mkazi wanga, kuli atsikana oti azimusambitsa. Ngati simungathe kumamufikitsa kuchipatala, achemwali ndiwatenga."

"Iwe Faki, ndine mbuzi yoti uzingomasula pachikhomo?" ndinatero.

"Achemwali, dzanjalo liuma."

A Vuai anayang'ana pansi. Kenako anati, "Sikuta ilipo."

Sikuta yathuyo ndi yakale kuposa Zuwena. Moyo wawo wonse a Vuai akhala akugawira nayo buledi m'mashopu, ndipo ine ndakwerapo kuyambira ndili mtsikana: kukhala chammbali monga akhalira mkazi aliyense, miyendo yonse kumanzere, dzanja lamanja m'chiuno mwa mwamuna. Ukwati, maliro, Idi, ndi dzanja lomwelo. Tsono ndi lomwelo linafa.

"Ndanyamulapo madengu a buledi otalika kuposa mutu wanga, osagwetsa ngakhale mmodzi," anandiuza a Vuai, Faki atapita.

"Ine si buledi."

"Buledi salankhula, n'zoona."

Nzeru yawo yoyamba inali yonditembenuza. Ndikhale choyang'ana kumanja, ndiwagwire ndi dzanja lamanzere lomwe lili moyo. Anandikweza mothandizana ndi Bi Tatu, mnansi wathu wogulitsa vitumbuwa. Koma kumanja ndi kumene kuli injini. Tisanafike n'komwe pamzikiti, fani ya injiniyo inameza mpendero wa buibui langa, chovala chakuda chofika kumapazi chija, n'kuyamba kundikoka ngati ng'ona. Ndinakuwa. A Vuai anazimitsa, n'kudula nsaluyo ndi lezala. Titafika kunyumba Bi Tatu ndiye anaona kuti kakolo wanga wamanja watupa thuza. Ndinali nditapsa ndi chitsulo, ine osamva kanthu. Ndinaliyang'ana thuzalo n'kulira, osati chifukwa cha ululu, koma chifukwa choti ululuwo panalibe.

Yachiwiri inali ya mpando wapulasitiki. Anaudula miyendo ndi sowo, n'kuuboola ndi msomali wamoto, n'kuumangirira pakaliyala ndi waya. Ine anandibwezera kumanzere, n'kundikulunga ndi malegeni a chubu chakale, pachifuwa ndi m'chiuno.

"Mwandimanga ngati nkhuni."

"Nkhuni sizigwa. Khala chete."

Pulasitiki ndi buibui sizigwirizana. Sikuta itangogwedezeka ndinayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, legeni n'kukwera mpaka pakhosi. Bi Tatu akanapanda kuthamanga, bwenzi a Vuai atandipachika okha ndi chikondi chawocho. Anaika thaulo pansi. Ndinatsetsereka ndi thaulo lomwe. Anamata chidutswa cha tayala. Mpando unang'aluka pomwe anaboola paja.

Bi Tatu ndiye ananena zimene aliyense ankaganiza.

"Mwatima, bwanji ungokhala chotang'adza? Atsikana a masiku ano akutero."

"Ine? Ndidutse pamsika wa Darajani nditatang'adza ngati mnyamata wa nsomba? Bola ndife."

Ndinanena choncho pagulu. Koma masana ena, anthu ali kumapemphero, ndinawauza a Vuai kuti alowetse sikuta m'nyumba ndipo atseke chitseko. Manyazi ndinawameza. Anandiimika, anagwira mwendo wakufawo ndi manja awiri kuti audutsitse pampando. Unakana. Nyonga inali itayamba kale kuuma. Anayesanso, thukuta lili kamukamu, mpaka tonse tinakhala pansi pasimenti, kupuma ngati taba.

"Musauze munthu," ndinatero.

"Ndiuze ndani? Ndinene kuti chiyani?"

Faki ankaimba foni. Ankafunsa chinthu chimodzi chokha: "Mwapita?" A Vuai ankayankha kuti tili pafupi. Ine ndinkayang'ana zala zanga. Zinali zitayamba kupindikira m'kati, ndipo m'mawa uliwonse a Vuai ankaziwongola chimodzichimodzi ndi mafuta a kokonati, zikangosiyidwa n'kubwerera.

Ndiye anapita kwa Machano wowotcherera zitsulo. Anatenga bedi lachitsulo la Zuwena, lomwe ankagonapo ali mwana, n'kulidula. Masiku amenewo buledi sanagawe. Ankabwera madzulo maso ali psuu chifukwa choyang'ana moto wa Machano, malaya atabooka ndi nthethe. Chimene anabwera nacho pomaliza chinaimitsa kanjira konse. Mpando wachitsulo, wotsamira kumbuyo, wa zogwirira mbali zonse, womangidwa ndi mabawuti pathupi la sikuta. Popondera anaika thabwa la chitseko chakale, lokhala ndi kalamba komangira phazi. Fani anaiphimba ndi sefa wanga wa ufa. Lamba wa pachifuwa anachokera ku galimoto yakufa, ndipo pokhalira anasokerera pilo.

"Eee, Bwana Vuai, imeneyi ndi ndege!" anatero wina.

"Mwatima, ukafika ku Ulaya utikumbuke," anatero Bi Tatu.

Machano yekha sanaseke. Anaikankha sikutayo pang'ono, n'kuigwira msanga.

"Bambo, yalemera pamwamba. Ikapendekeka simuibweza."

"Iwe mwana, ndinayamba kuyendetsa usanabadwe."

Ndisaname, nditakhalapo ndinamva ngati mfumukazi. Sindinatsetsereke. Phazi linakhala pamalo pake. A Vuai anaponda kiki, injini inatsokomola n'kugwira, utsi wake uja wonunkha mafuta n'kudzaza kanjira. Tinanyamuka. Mphepo inandikhudza kumaso koyamba chidwalireni. Tinadutsa pa mzikiti, tinadutsa pa telala, ana akuthamangira pambuyo. Ndinaona madenga a nyumba zathu akuyenda, ndipo mumtima ndinati, Faki, ukagwere uko ndi galimoto yakoyo.

"Uli bwanji kumbuyoko?" anakuwa a Vuai.

"Yang'anani kutsogolo, nkhalamba inu!"

Pokhotera kumsewu waukulu panatulukira ngolo ya makala. Sikuti tinali pa liwiro ayi. A Vuai anagwira buleki bwinobwino, sikuta inaima, iwo n'kutsitsa phazi pansi monga achitira nthawi zonse. Ndiye ndinamva. Msana wawo unali utagunda phewa langa, ndipo kunjenjemera kwawo kunafika mpaka m'mano mwanga. Bondo lawo linkalimbana ndi ine, ndi injini, ndi bedi la Zuwena, zonse pamodzi.

"Mwatima," anatero chapansipansi, "usagwedezeke."

Ndikanagwedezeka ndi chiyani? Tinapendekeka pang'onopang'ono, moti ndinali ndi nthawi yoona nkhope ya mwini ngolo, pakamwa ali yasa. Kenako khuu!

Ndinagwa chagada, miyendo m'mwamba, nditamangidwa m'mpando. Zitsulo za Machano zinanditeteza, mutu sunagunde pansi. Koma sindikanatha kudzimasula, sindikanatha ngakhale kukoka buibui kuti ndibise miyendo. Ndinangogona pamenepo pakati pa anthu, kuyang'ana nthambo za magetsi. Amayi ena osawadziwa anandiponyera chitenje cha kanga kuti ndifunde. Azibambo anatembenuka kuyang'ana kumbali. Wina ankalimbana ndi lamba wa galimoto uja, osadziwa potsegulira.

"Dinani chofiiracho," anatero mawu a a Vuai kuchokera pansi. "Chofiiracho. Yambani iyeyo, ine ndisiyeni."

Mwendo wawo unali pansi pa injini.

Anatikhazika pakhonde la sitolo ya nsalu. Mwini sitolo anabweretsa madzi. Msongolo wa a Vuai unali utasupuka, magazi akutsikira mu nsapato, koma iwo maso anali pa sikuta, yomwe anyamata anali ataiimika kukhoma, sefa wanga ali lende.

"Ndaona pomwe palakwika," anatero. "Pakufunika katayala kakang'ono mbali iyi. Ka wilibala. Machano ali nako. Ikaima izitsamira pamenepo."

Analozanso mbali inayo ya sikuta.

"Kapena tiwiri, uku ndi uku. M'kanjira mwathu tikwana, ndiyeza ndi chingwe."

Anatenga kapu ya madzi kuti amwe. Madzi anatayikira pa malaya, kapu ikugogoda mano. Anaiika pansi msanga kuti ndisaone. Ndinawayang'ana bwinobwino, mwina koyamba chidwalireni. Khosi linali litatha. Ndevu zonse mbuu. Munthu ameneyu ankandinyamula kupita kubafa, kundibweza, kunditembenuza pabedi, kuphika, kuchapa, kenako n'kukagwada kwa Machano pa dzuwa. Ine ndinkangoona dzanja langa.

Bi Tatu anafika akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Tatu," ndinatero, "uli ndi foni? Muimbire Faki."

"Mwatima, ayi," anatero a Vuai.

"Umuuze abwere ndi sitima ya pamadzi ya mawa."

"Ndipatse mpaka Lachisanu. Katayala kokha. Ndikulonjeza, Lachisanu ukafika kuchipatala."

"Ndipo mukathyoka mwendo, atinyamule ndani tonse awiri?"

"Sindithyoka."

"Bambo a Zuwena, mwatopa."

Ndinayembekeza kuti akana, kuti anena za madengu a buledi, kuti tikangana monga timachitira. Anangoyang'ana msewu waukulu, womwe unali pompo, magalimoto akudutsa.

"Ku Pemba ine ndikakhala kuti?" anafunsa. "M'nyumba mwa alamu, ngati mlendo? Buledi ndimusiyire ndani?"

"Muzibwera pa Idi."

Chikwatiraneni sitinagonepo nyumba zosiyana.

Bi Tatu anapita pambali, foni kukhutu. Ndinamumva akuti, "Faki? Ndine Tatu wa ku Kiponda. Ayi, ali moyo, onse ali moyo." Mwini ngolo anali akutola makala ake amene anamwazika. Ndinafuna kuwauza a Vuai chinachake chabwino, koma pakamwa panga, pamene sipasowa chonena, panauma gwa.

Nditatsitsa maso ndinaona kuti agwira dzanja langa lamanja ndi manja awo onse awiri, akuwongola zala chimodzichimodzi, mwamphamvu mpaka zikhadabo zawo kuyera. Sindikudziwa kuti anayamba nthawi yanji.