Chivundikiro Chinakana Achimwene

Tandiyankheni, inu amene munapita kusukulu: ndi chiyani chimene chimasamba m'madzi owira, chikatuluka chimalira kamodzi kokha, kenako n'kutseka pakamwa chaka chathunthu? Musathamange. Ngakhale a Mkonowachitsulo, odziwa zonse aja, yankho analipeza manja atatupa.

Linali tsiku lachitatu chiikireni Amayi m'manda. Mipando yobwereka inali isanabwezedwe n'komwe, koma mwana wawo wachisamba anali kale m'kachipinda ka mabotolo, akuyeza khoma ndi tepi. Dzina la Mkonowachitsulo anadzipatsa okha, poti ndi makaniko.

"Apa palowa matayala makumi awiri," anatero. "Mashelefuwa tiphwasule, mabotolowa akatayidwe."

Mzime, mlongo wawo wotsiriza kubadwa, anaima pakhomo atanyamula dengu la mango. Mitengo ya kuseri sinamve kuti pachitika maliro. Inkangogwetsa zipatso ngati ikupikisana. M'mashelefumo munali moyo wonse wa Amayi: jamu wa mango, matimati ofiira psu, zitheba, mandimu a mchere, botolo lililonse ndi kapepala ka mwezi wake.

"Achimwene, muno ndi mwa Amayi."

"Amayi apita, mwana iwe. Yako inali kusenda ndi kutsuka. Unatsekapo botolo ngakhale limodzi?"

Mawuwo anamubaya chifukwa anali oona. Zaka khumi ndi ziwiri Mzime ankasenda, ankatakasa, ankatsuka, koma zivundikiro Amayi ankatseka okha.

Pakhonde panali Azakhali, atakhala pa ndowa yovundikira, akuyamwa njere ya mango ndi mano awo atatu otsala.

"Iwe Mkono," anaitana, "paja palibe botolo linakukanikapo?"

"Funsani aliyense pano, Azakhali. Ngakhale mabotolo a Amayi, otamandidwa aja, ndinkangoti kwe! ndi zala zitatu."

"Zala zitatu! Ha, koma tinabereka. Ndiye titere. Mzime aphike lero. Mawa pa tiyi usankhe wekha botolo limodzi. Ukalitsegula ndi manja, lowetsa matayala ako. Likakukana, kachipindako n'ka Mzime, ndipo tepi yakoyo ukayezere mimba yako."

Akazi awo a Mkono anawakoka malaya. "Bambo a ana, taganizani kaye."

"Ndiganize chiyani? Ine ndimamasula mabawuti a lole."

Mzime anavala epuloni ya Amayi. Inali ikununkhirabe shuga wopserera, moti anayamba waima kaye, nkhope atabisa m'nsaluyo. Kenako anapukuta m'maso n'kutenga mpeni. Anasenda mango mpaka zala zinachita makwinya, anathira shuga, anafinyira mandimu, n'kutakasa uku akuyengula thovu. Mabotolo khumi ndi awiri anali akuvina m'poto wamkulu wa madzi owira.

Pothira jamu, mawu a Amayi anali akadali m'khitchinimo. Botolo nalo limafuna popumira, usalidzaze mpaka pakamwa, siya malo a chala chimodzi. Pukuta milomo yake ngati mwana wopita kwa alendo. Chivundikiro usachimange ngati ukuchilanga. Chikangogwira, chisiye, zina adzamaliza ndi moto.

A Mkono anasuzumira pawindo. "Limbitsa, iwe! Ndikubwereke sipanala?"

Mzime anayala nsalu pansi pa poto, anaimika mabotolo, madzi n'kuwamiza. Atawira nthawi yake anawavuula limodzilimodzi n'kuwandandalika pa thaulo patebulo.

Tsono apa ndi pamene pali yankho la mwambi wanga uja. Botolo likamazizira limakoka chivundikiro chake m'kati, ndipo chikagwira chimalira kuti tho! Likalira, jamu akhala chaka osawola. Likapanda kulira, idyani sabata yomweyo.

Banja lonse linazungulira tebulo ngati lamva kuti mabotolo alalikira. A Mkono anayang'ana wotchi, n'kuyasamula mokweza kuti aliyense amve.

Tho!

"Limodzi!" anakuwa Azakhali, njere ya mango n'kuwapulumuka.

Tho! Tho!

Mzime anagwira pachifuwa. Kulira kumeneku anakulira nako, koma lero kunali kwake. Alamu ake anayamba kuwerenga nawo, amuna awo atawatuzulira maso anangotsitsa mawu, osasiya. Anafika pa khumi ndi limodzi. Botolo la kumapeto, lalifupi lonenepa, linangoti duu.

A Mkono analiyang'anitsitsa, anamwetulira, n'kutuluka akuimba mluzu kukaitanitsa galimoto ya matayala.

Mzime anatsala akusesa makoko, mtima uli m'mwamba. Mwina sanapukute bwino milomo. Mwina anadzaza kwambiri. Dzuwa linapendeka, anthu anabalalika, m'khitchini munangotsala iye ndi Azakhali amene ankawodzera pampando. Ndiye kumbuyo kwake, motsitsa ngati lamanyazi, botolo lija linati tho.

Azakhali anatsegula diso limodzi, anaika chala pamlomo, n'kulitsekanso.

M'mawa a Mkono anafika patebulo atapinda kale manja a malaya. Anayendetsa chala pamwamba pa mabotolo ngati akusankhadi, n'kukathera pa lalifupi lija.

"Anthuni, penyetsetsani. Sindibwereza."

Zala zitatu. Chivundikiro sichinasunthe. Anatsokomola, n'kuwonjezera ziwiri zotsalazo. Anapukuta dzanja pa buluku. Anakulunga botolo m'malaya. Analipana ndi mawondo, mitsempha ya m'khosi inatuluka ngati zingwe zoyanikira zovala, thukuta n'kudonthera m'kapu ya tiyi.

"Tikubweretsereni sipanala, bambo a ana?" anafunsa akazi awo mwaulemu wonse.

"Tinati manja!" anatero Azakhali. "Kapena lole ija inali ya pulasitiki?"

Nyumba imene masiku atatu inangodziwa kulira inaphulika ndi phwete. Wina anatsamwa ndi tiyi, wina anagwera pakhoma.

"Wathiramo guluu ameneyu!" anakuwa a Mkono, akupemerera chikhatho. "Mabotolo a Amayi sankatero!"

Mzime anadzuka. Kachipinda kanali kake tsopano, ndipo akanatha kungokhala n'kumaseka nawo. Koma anatambasula dzanja.

"Tabweretsani, Achimwene. Lili ndi fumbi."

Kuseka kunadukiza. Amenewo anali mawu a Amayi. Nthawi zonse, asanapereke botolo kwa mwana wawo wachisamba, ankati lili ndi fumbi, n'kutembenuka kukalipukuta. Mzime naye anafulatira tebulo. Anapisa m'thumba la epuloni, anatulutsa kasipuni kopindika kunsonga, anakalowetsa pansi pa mkombero wa chivundikiro n'kukanikiza pang'ono. M'nyumba munali chete moti aliyense anamva: psii. Analipukuta ndi epuloni n'kuwapatsa ndi manja awiri.

A Mkono anagwira ndi zala zitatu. Kwe!

Fungo la mango linadzaza chipinda. Iwo sanayang'ane jamu. Maso awo anali pa kasipuni kaja.

"Zaka zonsezi?"

"Kuyambira uli ndi mamina," anatero Azakhali. "Kasipuniko sikanapindike kokha ayi. Mayi ako ankati, mwana wangayu amakonda kuomberedwa m'manja, musamuuze. Ndasunga pakamwa zaka makumi atatu, kuposa botolo lililonse m'nyumba muno. Lero ndati tho!"

Phwete linabwerera, ndipo ulendo uno a Mkono anaphimba nkhope ndi chikhatho chotupacho, mapewa akugwedezeka. Kaya ankaseka kaya ankalira, palibe anafunsa. Panja galimoto ya matayala inaliza hutala kawiri, akazi awo n'kutuluka kukaibweza. Azakhali anali atatola kale tepi ija, akuizunguliza pamimba pa mwini wake.

Mzime anapaka jamu pa buledi, wochindikala mpaka m'mbali monga Amayi ankawapakira achimwene akewo, n'kuwaikira pambale. Kenako anapukuta kasipuni kaja, n'kukabwezera m'thumba la epuloni.