Pulojekita ya Chipinda cha a Nakoma

Dokotala wa maso sanazungulire. Anauza Anastasia kuti diso lamanzere la bambo ake linafa kale ndi matenda a shuga, ndipo lamanja likukha magazi mkati. Opaleshoni inali yoti ichitike Lachinayi, naini koloko m'mawa. Mwina diso lipulumuka, mwinanso kuwala pang'ono komwe kwatsalako kuthera pomwepo.

"Ngati pali chimene akufuna kuona, achione sabata yomwe ino," anatero dokotalayo motsitsa mawu.

Limenelo linali Lolemba. M'minibasi yobwerera ku Bangwe, atangodutsa Limbe, bambo akewo, a Obed Nakoma, anatembenukira kwa iye.

"Ndamva zimene amakuuza uja," anatero. "Shuga sanafike m'makutu."

"Ababa, musadandaule, opaleshoni..."

"Ndikufuna ndiwaone amayi ako."

Amayi akewo, Mayi Ida, anamwalira zaka zitatu zapitazo. Kanema amene anaonekamo analipo mmodzi yekha, wa chinkhoswe cha Anastasia ndi mwamuna wake Eddie, ndipo anali pa fulashi. Atafika kunyumba anayesa kuwaonetsa pafoni, koma a Nakoma anati akungoona kadontho koyera kogwedera. Anayesa pa TV ya pabalaza, anati ndi chifunga chokhachokha. Anastasia anaimbira dokotala uja, amene anamuuza kuti diso lotere limafuna chithunzi chachikulu, chowala kwambiri, m'malo a mdima.

Malo a mdima analipo. A Nakoma anagwira ntchito zaka makumi atatu pa fakitale ina ya mapaipi ku Makata, ndipo kuyambira unyamata wawo ankakonda kanema kuposa mpira. Atapuma pantchito anamanga kachipinda kumbuyo kwa nyumba, kopanda zenera ngakhale limodzi. Makoma atatu anapaka penti yakuda, lachinayi analisalaza bwinobwino n'kulipaka yoyera. Kudenga anamata mathileyi a mazira kuti mawu asamabwerere, pansi anakhomerera mipando inayi ya minibasi yakufa. Anthu oyandikana nawo ankaseka, amvekere, "Sinema ya a Nakoma itsegulidwa liti?" Chinatsala ndi pulojekita basi. Asanaigule, Mayi Ida anayamba kudwala, ndipo chipindacho chinasanduka mosungira matumba a chimanga ndi njinga yothyoka.

Lachiwiri m'mawa Anastasia anapempha tchuthi kuntchito kwake kosoka mayunifolomu, n'kukwera ya ku Limbe. Za mapulojekita sankadziwa kalikonse. Pakhonde la sitolo ina anapeza venda ali ndi timakina ting'onoting'ono toyera m'makatoni okongola.

"Asisi, iyi ndi yamphamvu heve. Taonani nambala yalembedwa apayi. Imawala ngati dzuwa."

Nambala inalidi yaikulu, ya maziro ambiri. Anastasia anagula, n'kuthamangira kunyumba.

Eddie, amene ndi kalipentala, anali atatulutsa kale matumba ndi njinga ija, atasesa ndi kukolopa. Anakhazika apongozi ake pampando wakutsogolo, anatseka chitseko, n'kuyatsa kamakinako. Pakhoma panatuluka chithunzi chotuwa, ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri. Nyimbo zinamveka, azimayi akululutira, anthu akuvina atanyamula malichero.

"Mukuona, Ababa?"

"Eee, ndikuona bwinobwino."

Mtima wa Anastasia unakhala m'malo. Kenako a Nakoma analoza kukhoma n'kumwetulira.

"Awo amayi akowo. Taona kuvina kwake."

Amene ankalozedwawo anali azakhali a Eddie, mayi wamtali wovala buluu. Mayi Ida anali wamfupi, tsikulo anavala zofiira, ndipo anali asanalowe n'komwe pa kanemayo.

Anastasia anatuluka panja, anakaima pafupi ndi mpopi atagwira pakamwa kuti kulira kwake kusamveke. Atabwerera anazimitsa makinawo.

"Ababa, mwandinamiziranji?"

Mkuluyo anaweramitsa mutu. "Ndinamva mmene ukupumira, mwana wanga. Watopa. Ndinati ndingovomera."

"Ndiye simunaone kanthu?"

"Utsi wokha."

Lachitatu anafika ku Limbe masitolo asanatsegulidwe. Venda uja panalibe, ndipo anzake anati sakumudziwa. Anayenda msewu wonse atakumbatira katoni yake, akufunsa sitolo ndi sitolo, mpaka wina anamulozera kwa a Rayyan, bambo wa imvi amene ankagulitsa ndi kukonza zipangizo za masukulu ndi matchalitchi.

A Rayyan anatembenuza katoniyo, anawerenga, n'kupukusa mutu.

"Mayi, nambala iyi ndi yokopera anthu. Ichi n'chidole cha ana. Tabwerani muone."

Anamulowetsa m'chipinda chosungira katundu, anazimitsa getsi, n'kuyatsa kachidoleko limodzi ndi makina ena aakulu, otuwa, olemera ngati thumba la shuga. Chithunzi cha makina aakuluwo chinameza chinzakecho mpaka osaonekanso. Anastasia anachita kutsinzina.

"Imeneyi," anatero. "Ndipatseni imeneyi."

"Dikirani kaye. Chipinda chanucho n'chachitali bwanji, kuchokera pakhoma loyera kufika lakumbuyo?"

Anaimbira Eddie, amene anayeza ndi tepi n'kuyankha kuti mamita atatu.

A Rayyan anausa moyo. "Iyi imafuna mamita asanu kuti idzaze khoma." Anasendeza makinawo kufupi, chithunzi chinafota n'kutsala chongoposa TV pang'ono. "Pa mamita atatu muzipeza chonchi. Ilipo ina yopangidwira zipinda zazifupi, koma ndiyenera kuitanitsa ku Joni. Masabata awiri."

"Ndilibe masabata awiri, bambo. Ndili ndi lero lokha."

Anawafotokozera zonse, za diso, za opaleshoni, za amayi ake. A Rayyan anatsitsa pashelefu makina ena akale, afumbi, amene sukulu ina inawasiya. Amenewo ankadzaza khoma ali pafupi. Atawayatsa, chithunzi chinatuluka chachikulu koma chachikasu, chikuphethira.

"Babu lake latopa. Likhoza kukhala mwezi, likhozanso kupsa lero masana. Sindingakulonjezeni."

Anastasia anayang'ana makina awiriwo. Ena owala koma chithunzi chaching'ono, ena chithunzi chachikulu koma chofooka. Bambo ake ankafunika zonse ziwiri. Anakhala pakatoni ina, manja ali kumutu. Panjapo makondakitala ankaitanira anthu a ku Bangwe, ndipo nthawi inali itakwana kale leveni.

Anayesa kukumbukira mmene nyumba yawo inakhalira. Kuseri kwa khoma lakumbuyo la chipindacho kunali chipinda chogona cha bambo ake.

"Bambo," anatero akuimirira, "nanga makinawa atakhala m'chipinda china, kuwala n'kumadutsa pabowo?"

A Rayyan anamuyang'ana. "Zimatheka. Koma si kabowo ka khoswe ayi. Kuwalaku kumanka kukutambasuka. Pamene kukafike pakhomapo, mufunika bowo ngati zenera, mita imodzi m'lifupi. Nyumbayo ndi yanu?"

"Ndi ya bambo anga."

"Alola?"

Anastasia anatulutsa foni. Anaimbiranso Eddie n'kumuuza kuti avomere mtengo umene mayi wina wa ku Zingwangwa ankanena wa makina ake osokera a kunyumba, kuti ndalamazo agulire pulojekita yowala ija. A Rayyan anajambula papepala kukula kwa bowolo ndi pamene makina akhale, anawonjezera chingwe chachitali ndi kasipika, n'kumunyamulira katunduyo mpaka pa siteji.

Eddie atawona pepalalo anakanda mutu.

"Khoma ili lanyamula mtanda wa denga. Tikalakwitsa, malata atigwera."

"Ndiye lichirikizeni. Si ntchito yanu imeneyi?"

"Nanga madala mwawauza?"

"Yambani kaye."

Eddie anaimika matabwa awiri ochirikiza mtandawo, analemba mzere ndi choko, n'kutenga hamala ndi tchizulo. Atangomenya kachitatu, a Nakoma anatulukira kuchokera pakhonde, akupapasa khoma ndi dzanja.

"Mukugumula chiyani m'nyumba mwanga?"

Anastasia anawauza. Nkhope ya mkuluyo inasintha.

"Khoma limenelo ndinamanga ndekha! Njerwa iliyonse inadutsa m'manja mwangamu. Ndisanafe n'komwe mwayamba kale kundiphwasulira nyumba?"

"Ababa, njira ina palibe. Ndayenda Limbe yense. Ndagulitsa makina anga. Khoma tidzamanganso, koma diso lanu mawa..." Anagwada n'kugwira mwendo wa bambo ake. "Chonde. Mundikalipire Lachisanu."

A Nakoma anapuma mwamphamvu. Kenako anatembenukira komwe kunali Eddie.

"Akamwini, mwayambira pati?"

"Pa mzere wa khumi ndi chiwiri, bambo."

"Kwerani umodzi. Pamenepo simenti inandithera, ndinaika mchenga wambiri. Sizivuta."

Pofika folo koloko bowo linali litatseguka, nyumba yonse ili fumbi lofiira. Anakweza makinawo pamwamba pa wadiropu, anaphimba zenera la kuchipinda chogona ndi mabulangete awiri, analumikiza zingwe. Eddie anadina batani, fani inayamba kulira, kuwala koyera kunagwa pakhoma lonse. Anastasia akulowetsa fulashi, zonse zinangoti zii. Magetsi anali atathima.

Anatuluka akuthamanga, fumbi lili m'tsitsi. Kwa wometa tsitsi wa pakona, jenereta inali itamasulidwa, zitsulo zili pa saka. Kutchalitchi kwawo jenereta inalipo, koma mkulu wosunga makiyi anali atapita kumaliro ku Mulanje. Mwini bala wina anati yake sangabwereketse chifukwa madzulo kuli mpira. Anamupempha mpaka anthu anayamba kumuyang'ana, koma bamboyo anangotembenuka n'kumapukuta matambula. Anabwerera chimanjamanja dzuwa likulowa, ndipo kunja kunacha magetsi asanayake.

Lachinayi m'mawa a Nakoma anasamba, anavala jekete, anakhala pabalaza chikwama cha kuchipatala chili pamiyendo. Galimoto yowatenga inali yoti ifike eyiti koloko. Anastasia sanathe kumwa tiyi. Ankangoyendayenda, akudina switchi ya pakhoma kenako n'kubwerera.

"Khala pansi, Ana," anatero bambo ake. "Wayesetsa."

"Sindinayesetse kanthu. Ndangokuboolerani nyumba."

Itadutsa seveni ndi mphindi makumi awiri, firiji inalira.

Magetsi anali atayaka. Eddie anathamangira kuwadiropu, Anastasia anakoka bambo ake padzanja mpaka anatsala pang'ono kuwagwetsa pakhomo. Chitseko chitatsekedwa, khoma lonse linayaka. Anthu a pachinkhoswe anali aatali kuposa anthu enieni, mitundu ya zitenje ili waliwali. Anastasia anathamangitsa kanemayo kuti afike pamene amayi ake akulowa.

"Bwerera," anatero a Nakoma mwadzidzidzi. "Wawapitirira. Zofiira zija."

Anabwerera pang'ono. Mayi Ida anatulukira kumanzere, atanyamula mphika watsopano pamutu, akuvina chammbali, akuseka. Wojambula anawayandikira mpaka nkhope yawo inadzaza khoma.

"Imitsa pomwepo."

A Nakoma anadzuka n'kuyandikira, koma mthunzi wawo unaphimba theka la nkhopeyo. Anastasia anawakokera pambali pang'ono. Anaima chopendeketsa mutu, akuyang'ana ndi ngodya ya diso lamanja, kuyambira pachipumi, kutsikira pamphuno, kufika pakamwa.

"Ali ndi thukuta pamphuno," anatero. "Ndipo ndolo avala imodzi. Inayo ili kuti?"

Anastasia anayang'anitsitsa. Kanemayu anali atamuonera kosawerengeka, koma anali asanazindikirepo kuti khutu lamanzere la amayi ake linalibe ndolo.

"Mwina inagwa povina, Ababa."

"Ida ameneyo. Chilichonse kutaya." Anaseka, kenako kusekako kunasanduka china. Anapukuta tsaya ndi mkono wa jekete. "Yendetsa, ndiwaone akuyenda."

Mbali ya Mayi Ida inali ya mphindi zinayi zokha. Anaibwereza kasanu. Akuyamba kachisanu ndi chimodzi, hutala inalira panja.

Opaleshoni inatenga maola awiri. Patatha masabata awiri anabwerera kuchipatala kukayezetsa. Dokotala anaimika zala zitatu patsogolo pawo, a Nakoma sanathe kuziwerenga. Anasendeza dzanja kufupi, koma sizinathandize. Atawafunsa komwe kuli zenera, analoza molondola. Dokotala anati pamene pafikapa ndi pomwepa, sipasinthanso kwenikweni.

Anastasia anawagwira mkono potsika masitepe, akuwauza pamene pali sitepe ndi pamene yathera.

"Kunja kuli dzuwa, eti?" anafunsa a Nakoma.

"Eee, Ababa. Likuswa mtengo."

"Ndikuliona. Tiye tikapeze minibasi, iwe uyende mbali ya magalimoto."