Fayilo Yachinayi ya Velichko

Chimene ndinkafuna ine chinali mpando wa Velichko, basi. Unali pafupi ndi paipi ya madzi otentha, pomwe wanga unali pakhomo, ndipo kuzizira kwa chaka chimenecho, 1987, kunkandilowa mpaka m'mafupa. Kompyuta yeniyeniyo, chimphona chodzaza chipinda, inali kuseri kwa khoma. Ife tinkangokhala ndi magalasi a zilembo zobiriwira, n'kumalembera mapulogalamu fakitale yathu yoika matimati ndi tsabola m'zitini.

Polemba, munthu unkatha kutsegula mafayilo ambiri nthawi imodzi. Ankakhala mu mkombero, imodzi pagalasi, enawo kumbuyo kwake, ndipo ukadina batani, fayilo ina inkabwera. Ndiye mwadziwa kale: kutsogolo ntchito, kumbuyo zako. Velichko anali atagwidwa kawiri ndi ndandanda ya zigoli za mpira. A Pashov, bwana wathu, analumbira kuti akadzamugwira kachitatu adzamutsitsira kuchipinda chapansi chosungira matepi, kopanda zenera, kumene munthu amagwira ntchito atavala chikhoti.

Koma kumugwira kunali kovuta. A Pashov anakulira pa makompyuta akale a makadi oboola, ndipo ankatsegulabe fayilo imodzi, kuitseka, kenako n'kutsegula ina. Nsapato zawo zinkaliranso. Akamafika, Velichko ankakhala atadina kale, nkhope ili ngati ya pamaliro.

Ine ndinkadziwa chimene iwo sankachiganizira. Mkombero sutsekeka kamodzi. Ukatseka fayilo yapamwamba, yotsatira imatulukira yokha, ufune usafune.

Lachitatu lina m'mawa galasi la a Pashov linafa. Anaima pakati pa chipinda, mapepala ali kukhwapa.

"Khalani pa Velichko apo, bwana," ndinatero, ngati munthu wachifundo. "M'pofunda. Angotseka zake zonse, mulowe inu."

Velichko anandiyang'ana. "Iwe Temenuzhka, wayamba liti kusamala za anthu akuluakulu?"

"Tseka, mnyamata, nthawi," anatero a Pashov ataima kumbuyo kwake.

Anatseka yoyamba, pulogalamu ya mapepala omata pazitini. Yachiwiri inatulukira.

"Aa! Iyi yachokera kuti?"

"Inali kumbuyo, bwana. Ndi ntchitonso."

Inalidi ntchito. Yachitatu nayonso. Mtima wanga unayamba kugwa, ndikuganiza kuti ndadzipezera mdani pachabe. Koma pa yachitatuyo chala cha Velichko chinaima m'malere, makutu atafiira.

"Bwana, kodi mwalawa banitsa, chitumbuwa chija cha kukantini, lero? Akuti chikutha."

"Dina."

Anadina. Ndinatalikitsa khosi, ndikuyembekezera zigoli. Munalibe mpira. A Pashov anawerama, nayamba kuwerenga mokweza monga ankachitira akagwira wakuba.

"'Apa mkuluyu waiwalanso kuti Febuluwale alibe tsiku la 30.' Mkulu wake uti? 'Apa lole imodzi ikanapita ku Ruse ndi ku Burgas m'mawa womwewo. Mwina ili ndi mapiko.'"

Analekeza kuwerenga. Inali pulogalamu yawo yomwe, yogawa malole onyamula zitini, imene ankaitama pamsonkhano uliwonse kuti sinalakwepo chiyambire. Velichko ankaitsegula kumbuyo, kuikonza, kufufuta ndemanga zake, n'kuibwezera mwakachetechete. Tsiku limenelo anali asanafufute.

Ndinachita manyazi, sindinama. Koma kuseka nako kunali kutandigwira pamimba, moti ndinaluma kolala ya juzi.

"Kuyambira liti?" anafunsa a Pashov chapansipansi.

"Zaka zitatu, bwana."

"Zitatu." Anavula magalasi awo a maso, kuwapukuta, kuwavalanso. "Ndiye lole ya mapikoyo, waikonza?"

"Yatsala pang'ono."

"Nanga ukudikira chiyani? Khala pansi umalize, zitini zisafike kolakwika. Za mkuluzo ufufute."

Velichko anakhala, nakokera mpando wake kufupi ndi paipi ija, dala, mpaka unalira pansi.

A Pashov anatembenuka. Munthu akachita manyazi pagulu amafuna pogwera, ndipo pafupi panali ine, kolala ili kukamwa.

"Temenuzhka, mwana wanga, galasi lako likugwira?"

"Likugwira, bwana, koma pano m'pozizira kwambiri. Mungadwale."

"Ndazizidwapo kale. Tseka zako zonse. Lero ndaphunzira kuti ndiziima mpaka kumapeto."

"Tseka, achemwali," anatero Velichko osacheuka n'komwe. "Nthawi."

Ndinali ndi mafayilo asanu ndi awiri. Ya ntchito inali imodzi, yapamwambayo. Pansi pake panali mapatani a majuzi, kaphikidwe ka jamu wa mapulamu, ndi kalata yodandaula za apongozi anga imene a Pashov anaiwerenga yonse, mokweza, akugwedeza mutu pamene akugwirizana nawo apongoziwo.

Ndinatsikira kumatepi Lolemba lotsatira, ndipo ndinatulukako mu Epulo.