Enifa Aonetsa Mwamuna Wake Lirangwe

Solomon asanathe ndi miyezi itatu yomwe pachikamwini ku Lirangwe, anayamba kudwala matenda a mwendo. Akakhala pakhonde mwendo unkangogwedera, akagwira khasu maso ali kumsewu. Anali mnyamata wa ku Thyolo, wozolowera nkhungu ndi mapiri obiriwira, ndiye kuno anapeza fumbi, miyala ndi dzuwa loswa mtengo. Nyimbo yake inali imodzi tsiku ndi tsiku: "Kodi kuno kuli chiyani?"

Mawuwo ankamulasa mkazi wake Enifa, chifukwa anali atawamvapo kale. Mwamuna wa mkulu wake Malita anayamba chonchi, kenako tsiku lina anati akukagula machesi ku Lunzu, ndipo mpaka lero akugulabe. Enifa ankaopa kusiyidwa. Ankaopa kwambiri moti nthawi zina akusinja ankasiya munsi n'kuthamangira kuseri kwa nyumba kukaona ngati mwamunayo alipo.

Atalingalira, anaona kuti munthu amanyoza mudzi chifukwa sanamuonetse.

"Mawa musapite kumunda," anatero Enifa tsiku Lachisanu. "Ndikufuna ndikuyendetseni. Mukuti kuno kulibe kanthu, koma inu mwangoona khonde la apongozi anu basi."

Anayambira kumsika. Pachipata anyamata a malaya ofiira anawaimitsa kuti aonetse makadi a chipani, ndipo Enifa anatulutsa onse awiri pa mfundo ya chitenje, poti za mwamuna wake ankasunga ndiye. M'katimo anamuonetsa mbuzi zonenepa, milu ya tomato, nzimbe zotalika kuposa munthu, ndi telala wopanda dzino ndi limodzi lomwe amene ankasoka buluku uku akutukwana makina ake. Enifa ankafotokoza ngati zonsezo anazilenga yekha. Atacheuka, anapeza Solomon akuyang'ana basi imene inkakweza anthu pamsewu.

"Imeneyo ikupita kuti?"

"Ku Ntcheu. Tiyeni mukaone siteshoni."

Kusiteshoni anafika nthawi yabwino. Sitima inabwera ikulira, amayi n'kuthamangira m'mazenera ndi malichero a mtedza ndi mbatata yophika. Enifa kuyambira ali mwana ankalikonda phokoso lake. Solomon anawerenga mabogi mpaka lomaliza, n'kufunsa ngati ikafika ku Salima imabwerera pompo kapena imapitirira.

Kumtsinje wa Lirangwe kunali koipirapo. Unali mwezi wa Okutobala, madzi atathawa, atsikana akukumba mumchenga kuti atunge. Enifa analumbira kuti nthawi ya dzinja mtsinjewu umakokolola ndi ng'ombe zomwe.

"Umathira kuti?" anafunsa Solomon.

"Mu Shire."

"Nanga Shireyo?"

"Aaa, inunso! Ndine mphunzitsi ine?"

Anabwerera kunyumba, Enifa patsogolo, mtima uli phuthuphuthu ndi mkwiyo wosakanikirana ndi mantha. Koma anali ndi chimodzi chotsala, chimene munthu aliyense wa dera lino amanyadira akakumana ndi anthu a kwina: ndege za ku Chileka. Ku Thyolo ali ndi tiyi wawo, inde, koma ndani anavalapo suti kukaonerera tiyi? Kuno Lamulungu anthu ankatchena, kutenga ana ndi alendo, n'kukaima kubwalo la ndege tsiku lonse.

M'mawa mwake Enifa anajomba kutchalitchi, chinthu chimene sanachitepo chilowereni kalasi ya ubatizo. Anabwereka njinga ya malume ake a Potiphar, amene anabwereketsa uku akudandaula za matayala. Solomon anapalasa, Enifa ali pakaliyala, kudutsa Lunzu n'kukhotera njira yafumbi, ndipo anafika dzuwa lili paliwombo, nkhope zili mbuu.

Kumeneko ndiye zinatheka. Ndege yaikulu inatsika kuchokera kumapiri, n'kugunda pansi matayala akufuka utsi, ndipo khamu lonse linakuwa. Solomon anagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri, kukamwa kuli yasa. Mwendo uja unaima. Anaseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, kumene Enifa anali asanakumve chikwatiranireni.

"Enifa, iwe! Bwanji sunandiuze kale? Kwanu kuno n'kwabwino!"

Enifa anamva misozi yachimwemwe ikubwera. Anagula nthochi kwa mayi wina wogulitsa pafupi ndi mpandawo, n'kumusendera mwamuna wake pamaso pa anthu, osachita manyazi. Mumtima anali atayamba kale kukonza zokamuuza Malita.

Kenako panatulukira mzere wa amuna, aliyense ndi bulangeti ndi kasutikesi, akuyenda mwamantha kulunjika ku ndege ina yakuthako imene inaima payokha. Sanali azungu kapena mabwana a matayi. Ena anali ndi zigamba m'mawondo, mapazi ong'aluka ngati a Solomon yemwe.

"Nanga awo ndani?" anafunsa Solomon. "Akukwera ndege anthu amenewo?"

"A Wenela amenewo, achimwene," anayankha mayi wa nthochi uja. "Akupita ku Joni, kumigodi. Ulendo wake n'ngwaulere."

Solomon anasiya kutafuna. Anawaperekeza ndi maso mpaka womaliza atalowa, chitseko n'kutsekedwa. Apa m'pamene Enifa anaona zimene anachita masiku awiriwa: msewu, njanji, mtsinje, ndege. Zonse zimene ankanyadira kwawo zinali zinthu zochoka, ndipo iye mwini ndiye anamugwira mwamunayo padzanja kumuonetsa chimodzichimodzi.

"Enifa," anatero Solomon motsitsa mawu, osamuyang'ana, "amalembetsa kuti?"

Enifa ankadziwa. Kuno ngakhale mwana woyamwa amadziwa.

"Sindidziwa ine," anatero. "Tiyeni tizipita, kwatalika."

"Aaa, si patali ayi," anatero mayi wa nthochi mokoma mtima, akupukuta manja pachitenje. "Bwerani kuno achimwene, ndikulongosolereni bwinobwino."