Mpira Wodikira Sitima

Mu 1958 ndinaperekeza timu yathu ya ku Matero, mu Lusaka, kukasewera ku Kafue. Bwalo lake linali dambo chabe, magolo a nsungwi, anthu titaima kuseri kwa chingwe. Ndinali nditavala wotchi yatsopano, ndipo ndi imene inandizunguza mutu.

Tinkatsogola ndi chigoli chimodzi. Nthawi itakwana ndinayamba kuvina ndekha, koma woyimbira mpira sanalize wezulo. Panadutsa mphindi khumi, kenako makumi awiri. Ndinagwedeza wotchi ija n'kuyiika kukhutu. Inkayenda bwinobwino.

Pambali panga panali msodzi wachikulire wa ku Chanyanya, ba Ferdinand. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi mpirawu sukutha?"

"Uzasila," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Ba refu alibe nkoloko. Kuno bola imasila sitima yochoka ku Livingstone ikalira pa buliji."

"Nanga ikachedwa?"

"Ikachedwa anyamata asewera."

Anyamata athu miyendo inali italema kale. A ku Kafue, pozolowera, ankatuluka mosinthana kukamwa madzi, opanda changu chilichonse. Anagoletsa chimodzi, kenako china. Pamenepo sitima inalira pa mlatho paja, wezulo n'kulira pambuyo pake.

Ndinadumpha chingwe kuti refuyo andifotokozere bwino, koma ba Ferdinand anandikoka malaya.

"Mwana wanga, ija si ndiye sitima yanu yobwerera ku Lusaka? Ina ibwera Lachitatu."

Tinathamanga timu yonse, nsapato m'manja, kukapempha malo m'chinthu chomwe chinatigonjetsa.