Agulugufe a Debora ndi masanje a Faith

Debora ankafuna agulugufe basi. Osati nsapato, osati foni yatsopano, agulugufe kkkk. Pochokera kusukulu ankadutsa panyumba ya a manijala a esiteti n'kusuzumira pampanda, maluwa mbwee, agulugufe ali piringupiringu. Pomwe kwawo ku komboni panja panali fumbi ndi chingwe choyanikapo zovala. Iye ankangofuna chithunzi chimodzi choika pa sitetasi, gulugufe atamutera paphewa ngati mtsikana wa pa TV kkkk.

Ndiye anakafunsa amalume ake a Fackson, aja amatchetcha m'mbali mwa minda ya tiyi.

"Iwe, zimenezo n'zovuta? Agulugufe ine ndimachita kuwapirikitsa ndi chikwanje. Kumalire a munda kuli chitsamba china, lantana. Chimenecho olo osachithirira, olo uchitukwane, sichifa. Mawa ndikubweretsera."

Anabweretsadi. Debora anabzala kuzungulira khonde lonse, ndipo mvula ya ku Thyolo mukuidziwa, sichedwa. Timaluwa ta pinki, tachikasu, ta olenji, agulugufe anabwera ngati aitanidwa ku ukwati. Zithunzi zinajambulidwa abale, mpaka sitetasi inatopa kkkk.

Tsiku lina anesi a Rhoda, a pa kiliniki ya esiteti, anaima pakhomopo akupita kuntchito.

"Debora, chimenechi wachita kubzala dala?"

"Eee anesi, mwaona kukongola kwake?"

"Kukongola n'chokongola, koma taona tizipatso iti. Tikakhala tobiriwira chonchi ndi poizoni, mwana akadya tambiri atha kufa. Masamba akewa ngakhale mbuzi amapha. Pakhomo pano pali mng'ono wako Faith, zula. Ubwere kwathu ndikupatse mbewu ya ziniya ndi kosimosi, uwonjezerepo mpendadzuwa. Agulugufe amazikondanso zimenezo."

A Fackson anali pakhonde akunola chikwanje. Anadikira anesi akhote kaye.

"Ife tatchetcha chimenechi zaka zonsezi, tafa? Tili ana tinkabudula tizipatso takupsa takuda tija n'kumadya. Anesiwa chilichonse poizoni, mawa adzatiuza kuti mbatata ndi poizoni."

Debora anaseka mpaka kugwira pamimba. Anati azula sabata yamawa. Sabata yamawayo anatinso sabata yamawa.

Loweruka lina amayi anapita kukathyola tiyi, n'kusiya Faith, mwana wawo wa zaka zitatu, m'manja mwa Debora. Faith ndi anzake anayamba masanje pakhonde, chitini ndiye poto, dothi ndiye ufa. Nyemba zawo zinali tizipatso tobiriwira tija. Anzakewo anali okulirapo, ankangogwedeza pakamwa n'kutaya kumbali. Faith sankadziwa kuti pa masanje umangonamizira kudya. Iye ankameza.

Debora anali kuseri kwa nyumba kusaka netiweki.

Dzuwa litapendeka Faith anayamba kusanza. Kenako kutsegula m'mimba. Kenako anangogona pansi lefuu, kumuitana osayankha, kupuma kwake kwapatalipatali. Debora anamubereka n'kuthamangira kumsewu akukuwa, wa kabaza wina anawanyamula osafunsa n'komwe mpaka ku kiliniki.

"Wadya chiyani mwanayu?" anafunsa anesi a Rhoda.

Debora anati sakudziwa. Anesi anapisa m'kathumba ka diresi ya Faith, anatulutsa tizipatso todzaza dzanja. Anamuyang'ana Debora. Kenako anangotembenuka n'kuimbira ambulansi yopita kuchipatala chachikulu.

Amayi anafika akuthamanga, dengu la tiyi lidakali kumsana, anaiwala kulitula. Analira kuti "mwana wanga, dzuka, ndabwera," koma Faith sanatsegule maso. A Fackson anaima panja chipewa chili m'manja. Mu ambulansi munalowa amayi okha.

"Iwe tsala," anatero amayi, osamuyang'ana n'komwe.

Debora anabwerera kunyumba wapansi. Anatenga khasu n'kuyamba kukumba, chitsamba chija mizu yake yolimba, timinga tikumukala manja mpaka magazi. Agulugufe osachoka, akungomuzungulira. Mmodzi wamkulu, wakuda wa madontho oyera, anadzatera paphewa pake penipeni, monga ankafunira muja. Foni inali m'thumba. Sanaitulutse.

Faith anakhala kuchipatala masiku angapo, amayi akugona pansi pambali pa bedi. Anabwera wamoyo, koma atawonda, osatha kuyenda yekha mpaka pakhomo. Debora anamunyamula. Mwanayo anayang'ana khonde, dothi lokhalokha ndi phulusa pomwe anaotchera zitsamba.

"Achemwali, agulugufe anga apita kuti?"

Debora anamuonetsa timizere ta dothi lonyowa pomwe anafesa mbewu za anesi a Rhoda. Panali pasanamere kanthu.

"Abwera, koma achedwa. Tiwadikira tonse awiri."

Phunziro: Anzanga, si duwa lililonse loitana agulugufe loyenera kubzala pakhomo. Musanabzale, funsani anesi, alangizi kapena aphunzitsi ngati zipatso ndi masamba ake zilibe poizoni, makamaka ngati kwanu kuli ana ndi ziweto. Lantana musiyeni kutchire. Ndipo mwana akadya chinthu chosadziwika musadikire, thamangirani kuchipatala, chimene wadyacho mutengenso mukawaonetse.