Jekete Yofiira ya M'kanema

Grey Namakhwa ndi mkazi wake Esitere anabwera ku Kasungu kuchokera ku Phalombe pa lole ya mwini esiteti, ndipo chimenechi chinali chaka chawo chachinayi akulima fodya wa bale ngati matenanti kufupi ndi Wimbe. Chaka chapitacho, nthawi yothyola, pa esitetipo panafika mayi wina wa ku Lilongwe dzina lake Modester, ali ndi anzake awiri ndi makamera. Anatha masiku asanu akujambula minda, zigafa ndi anthu. Grey sanayankhule nawo. Akaona kamera ankangolowa pakati pa mizere n'kuwerama.

Lamulungu lina mu Epulo, akutuluka m'tchalitchi, anamva kuti Modester wabweranso. Kanema wa zimene anajambula zija anali atatha kukonzedwa. Akuti anakamuonetsa kale pa chionetsero cha mafilimu ku Lilongwe, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo tsopano wabwera naye kwa eni ake. Amuonetsa masana omwewo mu holo ya mpingo pa Chamama, ulere.

"Zaulere ine ndimaziopa," anatero Grey.

"Ine anandijambula ndikusoka fodya," anayankha Esitere. "Ndikufuna ndikadzione. Ngati simupita, tsalani."

Anapita onse awiri.

Mazenera a holoyo anawatchinga ndi matumba akale a feteleza kuti mukhale mdima. Jenereta inkalira kuseri. Pakhomo panali pepala loti aliyense alembe dzina, koma ambiri ankalidutsa ngati sakuliona. Matenanti anakumbukira kuti nthawi yomaliza imene analembetsa mayina inali ya makuponi, ndipo makuponiwo sanawaone mpaka lero.

Kanema atayamba, anthu anaseka kwambiri. Aliyense ankakuwa dzina la amene waoneka pa nsalu. Esitere anadziona atakhala m'chigafa, singano ili m'manja, ndipo anabisa nkhope m'chitenje uku akusuzumira. Ngakhale Grey anamwetulira.

Kenako panaoneka bambo wina atakhala pampando. Nkhope yake anaiphimba ndi chinthu ngati nkhungu, mawu akenso anawasintha, ankamveka ngati akuyankhulira mu mgolo.

"Mayina a matenanti onse analembedwa," anatero munthuyo. "Makuponi anabwera, ine ndinawaona ndi maso angawa. Koma sanafike kwa eni ake. Feteleza wake anakalowa m'nyumba yosungiramo katundu ya bwana."

Munthuyo anavala jekete yofiira yokhala ndi chigamba chachikasu paphewa. Chigambacho anasoka ndi Esitere yemwe, ndipo pa esiteti ponse panalibe amene sankaidziwa jekete ya Grey. Mitu inayamba kutembenuka umodziumodzi. Grey atacheuka, anaona Masautso Phiri, kapitawo wa pa esiteti, ataima kumbuyo pafupi ndi khomo, manja atapinda pachifuwa.

Kanema atatha, Modester anaima kutsogolo n'kufunsa kuti anthu amuona bwanji. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anati mitambo anaijambula bwino. Mayi wina anadandaula kuti mwana wake anamuonetsa asanasambe, ndiye anthu a ku Lilongwe aziti kuno kulibe sopo. Za makuponi palibe anatchula. Grey atacheukanso, Masautso anali atatuluka.

Panja, Esitere anamukokera mwamuna wake pansi pa mtengo wa mango.

"Bambo a Fainala, mwatipha. Munayankhula liti ndi anthu amenewa?"

"Si ine."

"Nanga chigamba chija ndinasokera galu?"

"Ndati si ine! Jekete ija ndinabwereka Amosi sabata imene ija, popita ku maliro ku Njombwa."

Amosi anali tenanti mnzawo, wa ku Mulanje, ndipo panthawiyo ankamasula njinga yake mofulumira ngati munthu wosafuna kupezedwa. Grey anagwira chiwongolero.

"Achimwene, mwandilakwira. Ngati munali ndi mawu, bwanji osavala malaya anu?"

Amosi anayang'ana uku ndi uku asanayankhe. "Ine kamera sindinakhalepo patsogolo pake. Ku maliro kunatentha, jekete sindinaivale n'komwe. Ndinaikoleka pa msomali ku shedi yosankhira fodya, inakhala pamenepo masiku awiri. Ndimayesa munaitenga nokha n'kukayankhula."

Grey sanamukhulupirire, ndipo zinkaoneka kuti Amosi nayenso sankamukhulupirira Grey. Anasiyana osatsanzikana.

Esitere anabwerera mu holo. Anapeza Modester akupinda nsalu.

"Mayi, munthu wa jekete yofiira uja ndi ndani?"

"Sindinganene, mayi. Ndinamulonjeza."

"Nkhope munabisa, koma jekete ndi ya mwamuna wanga. Mawa bwana akamva, othamangitsidwa tikhala ife, ndi ana atatu, fodya tisanagulitse."

Modester anasiya kupinda. Anakhala pabenchi n'kugwira pakamwa. "Anandiuza kuti ndi ya pakaunjika, aliyense ali nayo. Pepani. Ku Lilongwe palibe akanadziwa, ndipo ine sindinaganize za kuno. Komabe dzina sinditchula."

"Musatchule. Ingondionetsaninso pamene paja."

Modester anazengereza, kenako anatsegula kakompyuta kake n'kubweza kanemayo. Esitere anawerama mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Sanayang'ane jekete, anayang'ana manja. Nthawi yothyola, manja a tenanti aliyense amakhala bii ndi phula la fodya, ngakhale utasamba ndi mchenga. Manja a munthuyo anali oyera, zikhadabo zowenga bwino, ndipo pamkono panali mzere wotuwa pamene pamakhala wotchi. Pa esiteti yonse, kupatula bwana, wovala wotchi anali mmodzi.

"Zikomo," anatero Esitere, n'kutuluka.

Anamuuza Grey ali m'njira. Grey anakana poyamba. Kapitawo angaulule bwanji za bwana wake, munthu amene amadya naye? Mwina ndi msampha, kuti aone matenanti amene avomereze. Anakambirana mpaka pa mlatho wamitengo, pamene anapeza Masautso atakhala pamwala, njinga yake yamoto itazimitsidwa, ngati akudikira munthu.

"A Namakhwa," anayamba Masautso, "kanema uja mwamuona bwanji?"

"Tamuona, akapitawo," anayankha Grey mosamala.

Esitere ndiye sanazungulire. "Wotchi munavula, koma dzuwa linakusiyirani chizindikiro."

Masautso anayang'ana mkono wake, kenako msewu, mbali zonse ziwiri. Kunalibe munthu.

"Mwauza ndani?"

"Palibe."

Masautso anapumira m'mwamba. "Mayina aja ndinalemba ndine. Ndinayenda khomo ndi khomo kukuuzani kuti chaka chino mulandira. Kenako matumba ndinatsitsa ndine, n'kukhoma ndekha chitseko. Mukadutsa osandipatsa moni, mumaganiza kuti sindidziwa chifukwa chake? Mayi uja atandifunsa, zinangotuluka. Malaya anga bwana amawadziwa onse, ndiye ndinatenga jekete imene ndinapeza pa msomali. Mayi uja anati akaonetsa ku Lilongwe basi."

"Ndiye munasankha kuti wofa akhale ine," anatero Grey.

"Sindinaganize."

"Aliyense lero akuti sanaganize," anatero Esitere. "Mawa muganiza. Bwana akatiitana, inu mukayankhula. Mukapanda kutero, ndikayankhula ine."

Bwana anawaitanadi Lachiwiri m'mawa. Iye ku Chamama sanapite, koma nkhani inali itamupeza. Grey anaima pakhonde la ofesi chipewa chili m'manja, Esitere ali pambuyo pake. Masautso anafika atanyamula thumba. Analikhuthula pansi, ndipo munatuluka majekete ofiira atatu a pakaunjika, onse ofanana ndi ya Grey.

"Bwana, awa ndawapeza pa msika dzulo, pa mulu umodzi. A Namakhwa sabata yonse ija anali nane kumunda wa kudambo, kamera amaithawa. Munthu uja si wa pano. Anthu a mafilimu amalemba ganyu munthu aliyense kuti anene zimene iwo akufuna."

Bwana anatembenuza jekete imodzi ndi nsonga ya nsapato. Anayang'ana Grey nthawi yaitali, kenako anayang'ana Masautso nthawi yaitali kuposa pamenepo.

"Iwe wavutikiranji kukagula zonsezi?" anafunsa.

"Kuti choonadi chioneke, bwana."

"Chabwino. Bwererani ku ntchito."

Grey sanathamangitsidwe. Fodya wake anasankhidwa n'kudindidwa pamodzi ndi wa anzake. Koma kuyambira tsiku limenelo makiyi a nyumba yosungiramo katundu bwana ankasunga yekha, ndipo mu Julayi Masautso anauzidwa kuti ntchito yatha. Anakweza katundu wake pa ngolo n'kubwerera kwawo ku Njombwa. Podutsa pa nyumba ya Grey anakweza dzanja. Grey anakweza lake mochedwa, ngolo itapitirira kale.

Matenanti ena anapitiriza kukhulupirira kuti woyankhula uja anali Grey. Ena ankamupatsa moni waulemu kuposa kale, ena ankasintha njira akamuona, poopa kuti bwana angawaone ali naye. Amosi anatha mwezi wathunthu osaponda pakhomo pawo. Tsiku lina madzulo anabwera ndi chinangwa m'thumba, n'kukhala pamkeka, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Achimwene, tili tokhatokha pano. Munali inu eti?"

Grey anayang'ana Esitere, Esitere n'kupukusa mutu pang'ono.

"Idyani chinangwa, achimwene," anatero Grey. "Chaka chino mubwerera ku Mulanje kapena mulimanso?"